Kamutu ka kebo kamene kanadya cilimba ca asisi anga

Mukakwela basi ya ku George, yesani kukhala ku windo. Mukangopita Matero, ikani foni m'thumba pang'ono, mukweze maso pamwamba pa malata. Mudzaona mapaipi aatali, ena oongoka, ena opendama ngati munthu wocokela ku bawa, ndipo pansonga pake pali tumbale toyela kapena tumabokosi twa pulasitiki. Tumeneto ni tumawailesi tokoka intaneti kucokela ku nsanja zakutali. Pa kalikonse pamatsika nthambo imodzi, kebo, imene imalowa m'nyumba kudzela pa windo kapena pa kabowo ka m'cipupa. Ine masiku ano ndimayang'ana mtundu wa kebo imeneyo. Ikakhala yakuda, mtima umakhala pansi. Ikakhala yotuwa kapena ya buluu, ndimamumvela cisoni mwini wake, cifukwa ndidziwa cimene cimuyembekezela mvula ikayamba. Ndinapitamo ine.

Asisi anga aakulu ali ndi kashopu muno mu George: makompyuta atatu, pulinta imodzi, makina a fotokope amene amafuna kuwanyengelela m'mawa uliwonse. Anthu amabwela kudzalembetsa TPIN ya ku ZRA, kudzakonzetsa CV, kudzatulutsa zotsatila za mayeso a ana. Mu April 2023, boma litalola anthu kutapako 20 pelesenti ya ndalama zawo za ku NAPSA, mzele unayamba kufika mpaka pa ngalande. Ambili anali amadala amene anagwila nchito m'mafakitale zaka zambili koma alibe imelo, ndipo zonse zinali kucitika pa intaneti. Mabando a pa foni sanali kukwana. Asisi atalandila cilimba cawo, anaitana kampani ina kudzaika wailesi pa mtenje. Bizinesi inayenda.

Patapita milungu yocepa, aneba anayamba kumanga nyumba ya upstairs. Njelwa zitafika pa mawindo a pamwamba, intaneti yathu inayamba kukwawa, cifukwa tumawailesi tumenetu timafuna kuonana maso ndi maso ndi nsanja. A kampani anati paipi ikwele, kebo ikhale yaitali, tilipile, ndiponso tidikile mlungu wathunthu. Apa m'pamene ndinatsegula pakamwa panga.

"Ba sisi, musataye ndalama. Ni kebo cabe iyi. Nizacita neka."

Ndinaonelela mavidiyo awili pa YouTube, n'kukwela basi kupita mu town. Ndinagula kebo yotuwa ya mamita 30, cida copanila cimene amacicha crimper, katesita, ndi tumitu twa kumapeto kwa kebo todzala dzanja. Dzina lake ni RJ45. Mumakadziwa: kapulasitiki koonekela mkati, kali ndi mano 8 agolide, kamene kamalila kuti "thi" mukakalowetsa kumbuyo kwa router kapena kompyuta. Mnyamata wogulitsa anandifunsa kuti, "Mufuna ya plastic olo ya nsimbi, boss?" Ndinafunsa mtengo. Ya nsimbi inali yodula kangapo. Ndinaseka n'kunena kuti sindimanga galimoto. Funso limenelo ndilo linali mayeso anga, ndipo ndinafeluka ndisanatuluke m'shopu.

Coipa n'cakuti nchito yanga inasewenza. Ndinakweza paipi, ndinapana tumitu, magetsi a pa tesita anathamanga kucoka pa 1 mpaka pa 8, intaneti inabwela ndi mphamvu. Panali kagetsi kena ka nambala 9, kolembedwa G, kamene sikanayake. Ndinaganiza kuti ni kokongoletsa cabe. Kwa miyezi ingapo ndinali kuyenda mu komboni ngati injiniya.

Mu August, mphepo ya fumbi itayamba, intaneti inayamba kudukaduka. Tinaimba mlandu netiweki, monga mmene timacitila tonse. Mu October inali kuzima masana n'kudzuka yokha. Ndiye kunabwela mvula yoyamba ya mu November, usiku, ndi mabingu ake. Kaleza sikanagwe pa ife, kanagwa kutali ndithu, tinangoona kuwala. M'mawa wailesi pa paipi inali kuyaka bwinobwino, koma makompyuta onse anali kunena kuti palibe kebo. A kampani atabwela anati khomo lolowela kebo pa wailesi lapsa, ndipo popeza kebo si yawo, wailesi yatsopano tigule tokha. Sindingawatsutse. Masiku 9 kashopu kanali ka fotokope cabe, makasitomala n'kumapita kwa mnyamata wa ku msika. Asisi sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Wasiliza, ba injiniya?" Kukalipa kukanakhala bwino.

Amene anatipulumutsa ni mtsikana wina, mwana wa anzawo a asisi a ku chalichi. Anaphunzila za magetsi ku koleji ya nchito zamanja, ndipo amaika makamela a CCTV m'mafakitale a ku Mungwi Road. Anafika ndi kacikwama kumsana, anakwela lada, anadula kebo yanga n'kutsika nayo.

"Ba uncle, nindani anacita ivi?"

"Ni ine, mwanangu."

"Mmm. Mwayesako."

Anaipinda pang'ono, khungu lake n'kung'aluka ngati cikonda couma. Anati kebo yotuwa ija ni ya m'nyumba, khungu lake ni PVC, ndipo dzuwa la Lusaka limaidya m'miyezi yocepa. Ikang'aluka, madzi amalowa n'kuyenda mkati monga mu paipi mpaka kukafika pa router. Ya panja imakhala yakuda, yolimba, yopangidwa kuti ipilile dzuwa. Kenaka anasenda kawaya kamodzi n'kukapala ndi mpeni. Pamwamba panali pofiila ngati kopa, mkati munali moyela. Anayatsa laita: kawayako kanafota n'kugwa ngati ulusi. Kopa weniweni amangofiila ndi moto koma amakhalabe ciimile.

Ici amacicha CCA, kutanthauza aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Aluminiyamu amapititsa magetsi ocepa, pafupifupi magawo 6 pa magawo 10 a amene kopa wa kukula komweko amapititsa, ndipo amathyoka msanga akapindidwa. Pa kebo yaifupi ya pa tebulo mwina simungaone kusiyana. Koma wailesi ya pa mtenje ilibe pulagi yakeyake. Magetsi ake amakwela ndi kebo imodzimodziyo, kucokela pa kabokosi ka PoE kamene kali pansi, ndipo yathu imadya ma volt 24 cabe. Kebo ikakhala yaitali ndiponso ya aluminiyamu, magetsi amafika pamwamba atatopa, wailesi n'kumazima. Kuzimazima kwa mu October kuja n'kumeneko. Cinandiwawa kwambili n'cakuti ndife dziko la kopa. Mu Africa timaposedwa ndi DRC yokha, ku Luanshya kuli ZAMEFA imene imapanga mawaya a kopa, koma ine mwana wa Zambia ndinanyamula aluminiyamu wovala jekete ya kopa kucoka mu town mpaka ku George, n'kulipila ndi malo ake m'basi.

Manje tifike pa kamutu. Mkati mwa kebo ya netiweki muli tumawaya 8, topotana tuwilituwili. Kupotana kumeneku ni nzelu yakale, Alexander Graham Bell uja wa telefoni anailembetsa mu 1881. Phokoso la magetsi locokela kunja limagwela tumawaya tonse tuwili mofanana, ndipo makina a kumapeto amangowelenga kusiyana kwa tuwilito, motelo phokoso limadzifafaniza lokha. N'cifukwa cake kebo wamba, imene imalembedwa UTP, imakwanila m'maofesi ambili. Koma kebo imene ikwela pa paipi ya nsimbi pamwamba pa malata ili ndi adani ena. Mphepo youma ya fumbi ikamakhula wailesi, magetsi amaunjikana pang'onopang'ono, monga muja mumavulila juzi mumdima n'kumva thethethe. Kaleza nako kakagwa capafupi, kamadzutsa magetsi amphamvu m'nthambo iliyonse yaitali, olo sikanaikhudze. Magetsi amenewo amafuna njila yopita m'nthaka. Akaisowa, amadzela mu tumawaya 8 tuja n'kuocha kacipangizo kakang'ono ka pa khomo la wailesi.

Kebo ya shield inapangidwila zimenezi. Mtsikana uja anatulutsa yake n'kuisenda. Pansi pa khungu panali kapepala konyezimila kokulunga tumawaya tonse, monga kaja ka m'paketi ya fodya. Amakacha foil. Pambali pake panali kawaya ka nambala 9, kamaliseche, kopanda khungu, kamene amakacha drain wire. Foil imasonkhanitsa magetsi osoceletsawo, kawaya kamaliseche kamawanyamula, kamutu ka nsimbi kamawalandila n'kuwapatsila ku kabokosi ka PoE, kabokosi n'kuwatsitsila ku earth ya nyumba. Ni unyolo. Mphete imodzi ikasowa, zonse zapita pacabe.

"So ba uncle, mukagula kebo ya shield na kuikako RJ ya plastic, mwataya cabe ndalama. Shield izakamba na ndani? Futi mukagula RJ ya nsimbi na kuiika pa UTP, ni cimozimozi kuvala helmet mu minibus."

Anandionetsa zolembedwa pa khungu la kebo, zimene ine sindinaziwelengepo n'kamodzi komwe. U/UTP ilibe shield iliyonse. F/UTP ili ndi foil imodzi yokulunga zonse, ndipo ndiyo imakwanila pa nchito ngati yathu. S/FTP ili ndi ukonde wa tumawaya kunja, ndiponso foil pa tumawaya tuwili tulitonse. Imeneyo ni yonenepa, yodula, yovuta kupana. Cilembo ca kutsogolo cikamba za kebo yonse, ca pambuyo pa kamzele cikamba za mapeya. Pomwepo pamalembedwanso Cat5e kapena Cat6, ndi nambala ina yotsatana ndi AWG.

Nambala ya AWG imeneyi ndiyo imagwetsa anthu ambili pogula tumitu. Imakamba kunenepa kwa kawaya, ndipo imayenda cobwelela: nambala ikakula, kawaya kamaonda. Cat5e nthawi zambili ni 24 AWG, pafupifupi theka la milimita. Cat6 yabwino ni 23 AWG, yonenepako. Kusiyana kwake simungakuone ndi maso muli pa kauntala, koma mukafika kunyumba tumawaya twa Cat6 timakana kulowa m'kamutu ka Cat5e, kapena timalowa mokakamiza n'kukwelana. Tumitu twa Cat6 tambili tili ndi mabowo osinthana, lina pamwamba lina pansi, kapena timabwela ndi kacisa kakang'ono kolowetsamo tumawaya coyamba. Khungu la kebo ya panja nalonso ni lonenepa, ndipo kawilikawili silikwana kumbuyo kwa kamutu wamba. Pali tumitu twa nsimbi tumene kumbuyo kwake kuli mapiko awili otseguka, amene amakumbatila kebo mukawapana. Tumeneto ndito anabwela nato. Malangizo ake anali apafupi: dulani kacidutswa ka kebo yanu, kaikeni m'thumba, mukayese pa shopu pomwepo musanalipile. Wogulitsa akakana, pitani pa shopu ina, mu town mashopu ni ambili.

Ndiye pali mano. Anandipatsa tumitu tuwili kuti ndiyang'ane m'mbali, padzuwa. Pa kena dzino lililonse linali ndi nsonga ziwili, pa kena zitatu. Kebo yoika m'cipupa kapena pa mtenje ili ndi kopa mmodzi wolimba m'kawaya kalikonse. Kebo yofewa ya pa tebulo ili ndi tuulusi tambili twa kopa. Mano a nsonga ziwili zoongoka anapangidwila yofewayo, amabaya pakati pa tuulusi. Pa waya wolimba amatelela kapena kuudula. A nsonga zitatu amaukwela ngati munthu pa njinga, ziwili mbali ino, imodzi mbali inayo, n'kuugwila zolimba. Tumitu twanga tonse tinali twa nsonga ziwili. Tsiku loyamba timagwila, koma kukatentha masana n'kuzizila usiku kwa miyezi itatu, timayamba kulekelela.

Ndinamufunsa za tumitu tumene ndinaona pa YouTube, tumene tumawaya timatulukila kutsogolo n'kudulidwa ndi crimper. Anakwinya nkhope. Anati n'tosavuta kwa wophunzila cifukwa umaona mitundu yonse usanapane, koma kampeni ka crimper kakabuntha kamasiya nsonga za kopa zitasuzumila panja, pafupi ndi nsimbi ya kamutu, pa kebo imene inyamula magetsi, pamalo pofika cinyezi. M'nyumba amatisewenzetsa, pa mtenje ayi. Ena a nchito yomweyi angamutsutse, koma ine amene ndinaocha kale wailesi imodzi ndinalibe mphamvu zotsutsana naye.

Anandikhazika pa sitepu ya shopu kuti ndipane ndekha, iye ataimilila kumbuyo ngati mphunzitsi wa Grade 1. Coyamba kulowetsa kajombo ka labala pa kebo, cifukwa ukakaiwala umakakumbukila utapana kale. Kenaka kuceka khungu mozungulila, masentimita atatu kapena anayi kucoka kumapeto, mopepuka, kuti mpeni usakhudze foil. Apa ndinaononga kawili. Foil ikang'ambika, dula uyambenso. Ukacotsa khungu, foil umaipindila kumbuyo kuti ivale khungu la kebo ngati kolala ya shati. Anandionetsa kuti foil ili ndi nkhope ziwili: ina ni pulasitiki, siipititsa magetsi, ina ni nsimbi. Ya nsimbiyo ndiyo iyenela kuyang'ana kunja kuti ikhudzane ndi kamutu. Umasiyako pang'ono, kosakwana sentimita, kwina n'kudula. Kawaya kamaliseche nako umakapindila kumbuyo n'kukazunguliza pamwamba pa foil. Anthu ambili, iye anatelo, amakadula n'kutaya cifukwa kamawasokoneza.

Kenaka mitundu. Dongosolo limene ambili amatsatila amalicha T568B: yoyela ya olenji, olenji, yoyela ya gilini, buluu, yoyela ya buluu, gilini, yoyela ya bulauni, bulauni. Umawelenga kucoka kumanzele, mano agolide atayang'ana kumwamba, kakhomo kolowetsela kebo katayang'ana kwa iwe. Muona kuti gilini wagawikana, wina pa 3 wina pa 6, buluu ali pakati pawo. Pali anyamata amene amati dongosolo lilibe nchito malinga mbali zonse ziwili zifanane. Bodza limenelo limakhala nthawi yaitali cifukwa katesita kochipa kamavomeleza, magetsi onse 8 amayaka. Koma makina amatumiza uthenga pa 1 ndi 2 pamodzi, pa 3 ndi 6 pamodzi. Ukaika pa 3 ndi 6 tumawaya tumene sitinapotane tokhatokha, nzelu ya Bell ija yafa. Pa mamita awili ziyenda, pa mamita 40 mudzatukwana kampani ya intaneti popanda mlandu.

Pa cifukwa comweco, sumasula kupotana kopitilila. Umaongola tumawaya, n'kudula molingana kuti kutsale mamilimita 12 kapena 13. Ndiye umakankha mpaka nsonga zonse 8 za kopa zioneke kutsogolo kwa kamutu, khungu ndi foil zitalowa mkati mwa nsimbi. Ukaona mitundu ya tumawaya ili panja kumbuyo kwa kamutu, ngati munthu wovala buluku lalifupi, dziwa kuti kulemela konse kwa kebo kuli pa mano, ndipo tsiku lina mphepo idzaizula. Kupana ni kamodzi, mwamphamvu, mpaka crimper imasuke yokha. Pomaliza umapinda mapiko aja kuti akumbatile foil ndi kawaya kamaliseche, osafinya mpaka kuphwanya kebo.

Kamutu kacisanu ndiko kanatuluka bwino. Tinaika pa tesita: 1, 2, 3 mpaka 8, kenaka G n'kuyaka. Kagetsi kanga kokongoletsa kaja. G imeneyo ndiyo imaonetsa kuti shield yalumikizika kucoka kumapeto kufika kumapeto ena. Ndinafuna kuimba nthungululu, koma mtsikana anali atagwada kale pa soketi ya kucipupa.

"Ba mummy, zimyani main switch." Anamasula soketi n'kutiitana. Munali mawaya awili cabe, wofiila ndi wakuda. Wa earth munalibe. "Manje shield yanu izapeleka kuti malaiti? Unyolo wathela apa."

Amene munakulila mu George simungadabwe. Komboni ino siinamangidwe ndi kontilakita. Dzina lake linacokela kwa George Hadjipetrou, mwini malo ano kale, ndipo olo anayesa kuicha Mwaziona, la George ndilo linakakamila. Anthu anadzimangila okha, cipinda cimodzi caka cino, cina mwana akakula, cina ca lendi kumbuyo. Boma linadzaivomeleza m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya pulojekiti ya World Bank imene inabweletsa misewu ndi mipopi ya madzi. Mawaya a malaiti m'nyumba zambili anakula monga zipinda zomwezo: soketi kubala soketi inzake, ndi waya aliyense amene anapezeka tsiku limenelo. Ndipo tonse timaidziwa nchito imene tinapatsa bowo la pamwamba la soketi. Ni lolowetsamo kamtengo ka macisa kapena civinikilo ca bolopeni kuti pulagi ya mano awili ilowe. Koma bowo limenelo, ndi dzino lalitali la pulagi ya mano atatu, ndiyo njila ya earth. Ma extension ambili ochipa nawonso ali ndi mabowo atatu kunja, mawaya awili mkati.

Apa anakana kugwilapo yekha mwacangu. Anati tiitane wa malaiti wa mapepala ake, akhome ndodo ya earth m'nthaka, akoke waya mpaka pa bokosi la main switch ndi pa masoketi, ayeze. Anaticenjeza za njila zacidule ziwili zimene amaziona kawilikawili: kumangilila earth ku paipi ya madzi, pamene mapaipi a masiku ano ni a pulasitiki, ndi kuilumikiza ku waya wa neutral mkati mwa soketi, cimene cingaike malaiti pa thupi la kompyuta tsiku limene waya wina waduka. Nchito imeneyi inadya ndalama kuposa kebo ndi tumitu pamodzi. Asisi anandiyang'ananso, koma mtsikana anandiombola: anati earth imeneyo iteteza ndi ana a sukulu amene amagwila makina a fotokope ndi manja onyowa. Nkhaniyi inakulanso mu 2024, madzi atacepa mu Kariba, pamene malaiti anali kusowa maola oposa 20 pa tsiku ndipo aliyense anathamangila ma inverter ndi ma solar. Ambili anangolumikiza kuti ziyake. Ngati wailesi yanu imadya ku inverter, funsani amene anaiika kuti earth yake ili kuti.

Ndisakunamizeni, cifukwa nayenso sanandinamize. Kaleza kakagwa pa paipi yanu penipeni, palibe foil imene ingakuthandizeni, zonse zidzapsa. Shield imathandiza pa magetsi oundana a mphepo ndi pa kaleza kogwa capatali, ndipo zimenezi ndizo zimapha mawailesi ambili mwakacetecete. Iye anaonjezapo kabokosi kochinga magetsi amphamvu pamene kebo ilowela m'nyumba, n'kukalumikiza ku earth. Anasiyanso kebo italendewela pang'ono ngati cilembo ca U isanalowe m'cipupa, kuti madzi a mvula azidonthela pansi m'malo motsatila kebo mpaka mkati. Kanthu kaulele, koma ine sindinakaganizile.

Ndipo si paliponse pofunika shield. Nditaona G wayaka ndinatenthedwa mutu, ndinafuna kusintha makebo onse a m'shopu. Anandiletsa. Makebo aafupi ocoka pa router kupita ku makompyuta, UTP ya kopa weniweni ikwana, ndipo ogula opanapana kale amaposa opana pamanja. Shield isungileni kebo yokwela pa mtenje, ya makamela a panja, kapena yodutsa pafupi ndi makina owochelela nsimbi ndi mamota aakulu, monga a cigayo. Anakambanso za anthu amene amakoka kebo kucoka nyumba ina kupita ina, makamaka kucokela pamene Starlink inafika mu Zambia mu October 2023. Za laisensi ya ZICTA kwa ogulitsa intaneti tidzakamba tsiku lina. Za magetsi n'zakuti nyumba ziwili za mamita osiyana zili ndi ma earth osiyana, ndipo shield ikawalumikiza, malaiti angayambe kuyenda m'kebo imene siinapangidwile zimenezo. Pamenepo bwino fibre, imene ilibe nsimbi mkati, kapena tumawailesi tuwili. Ndiponso kebo ya kopa ili ndi malile: mamita 100. Kupitilila apo ni mwayi cabe.

Pamene anali kulongedza zida, ndinamufunsa cifukwa cake mavidiyo anga sanakambe zonsezi. Anandifunsa kuti munthu wa m'vidiyoyo anali kuti. Ndinati anali pa tebulo, m'cipinda ca kapeti. "Ehe. Sanali pa malata mu George mu November."

Wailesi yatsopano yapyola mvula zingapo tsopano. Mabingu akayamba, asisi amazula pulagi ndi kebo yomwe, olo kasitomala ali pakati pa fomu, ndipo amene wadandaula amamulozela kwa ine kuti ndimufotokozele. Crimper yanga anailanda, amaisunga m'kabati ya ndalama pamodzi ndi ma stapler. Ndalama za wailesi tinagwilizana kuti ndizibweza pang'onopang'ono mwezi ukatha, ndipo buku lake amasunga okha. Mlungu watha ndinawafunsa kuti kwatsala zingati. Anatsegula buku, anawelenga ndi cala, n'kunena kuti za wailesi zinatha kale, manje tayamba za masiku 9 aja.